Khotekhote Ngwa Njira

Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Munthu wa ku Mzuzu safuna womumasulira mwambi umenewu, chifukwa misewu yotuluka mumzinda uno imauphunzitsa yokha. Wotsikira ku Nkhata Bay amapotoka mpaka kutopa asanaione nyanja. Wolowera ku Karonga amakumana ndi Chiweta. Ndipo amene anakwerapo msewu wa Golodi, wochoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia, amadziwa kuti pa makona pafupifupi 20 aja galimoto imatembenuka kambirimbiri ngati yasintha maganizo, ngati ikubwerera kumene yachoka. Amene anausema msewuwo kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, m'nthawi ya Dr Robert Laws, sanali osochera ayi. Phiri ndilo linakana njira yolunjika, ndipo iwo anamvera phirilo kuti akafike pamwamba.

Mwambiwu umandibwerera nthawi zonse ndikaona munthu akulimbana ndi funso lozunguza mutu, kaya ndi la masamu, kaya ndi sudoku ya pafoni, kaya ndi bawo la pakhonde la golosale. Funso lililonse labwino la mtundu umenewu analikonza dala kuti njira yooneka msanga ikhale yotsekeka. Ambiri amene amaligonjera si kuti nzeru zawachepera. Chimawagwetsa ndi mtima wokana kubweza phazi, mtima woti chimene ndachita kale sindingachimasule.

Tiyambe ndi lakale lija, limene ambiri tinalimva tili ana. Munthu wafika pamtsinje ali ndi fisi, mbuzi ndi mtolo wa chigwada. Bwato ndi laling'ono, limanyamula iye ndi chinthu chimodzi basi. Akasiya fisi ndi mbuzi, mbuzi yapita. Akasiya mbuzi ndi chigwada, chigwada chatha. Ulendo woyamba suvuta, aliyense amaona kuti ayambe ndi mbuzi, poti fisi alibe nazo ntchito ndiwo zamasamba. Abwerera yekha, akweza fisi, awoloka. Apa ndi pamene ana amangoti kakasi. Akamusiya fisi tsidyalo, amusiya ndi mbuzi. Akanakhala kuti anabwera ndi chigwada, bwenzi vuto lili lomwelo. Mwana wina amayamba kupempha chingwe chomangira fisi, wina amati mbuzi isambire. Yankho lili pamaso pawo koma maso akukana kuliona: atsitse fisi, akwezenso mbuzi, abwerere nayo kumene anaitenga. Akafika aisiye, awolotse chigwada, abwere yekha, kenaka atenge mbuzi kachiwiri. Maulendo onse ndi asanu ndi awiri, ndipo wapakatikati, wachinayi, ndiwo wobweza mbuzi. Nkhani yonse yagona pa ulendo umenewo.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti palibe amene ananena kuti kubweza mbuzi n'koletsedwa. Lamulolo timadziikira tokha mosazindikira. Ndiye luso loyamba ndi ili: usanayambe kusaka yankho, unene mokweza malamulo amene wapatsidwa, limodzilimodzi, kenaka udzifunse kuti ndi malamulo ati amene wawonjezera wekha. Funsoli n'lakale ndithu. Likupezeka m'buku la mafunso a Chilatini limene amati analemba Alcuin wa ku York, yemwe anamwalira m'chaka cha 804, ndipo kumeneko nyama yolusayo ndi mmbulu, masambawo ndi kabichi. Zaka zoposa 1,200 zadutsa, koma anthu akupunthwabe pa ulendo wachinayi womwewo.

Kwathu kuno sukulu yaikulu ya maganizo otere ndi bawo. Mzuzu ndi mzinda wa obwera. Unayambira pa esiteti ya mitengo ya tung imene inatsegulidwa m'chaka cha 1947, ndipo unalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Anthu anachokera ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Rumphi, ku Karonga, ku Chitipa ndi kumwera komwe, aliyense ndi chilankhulo chake. Pa bawo zimenezo sizivuta. Pite ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuba mwezi wa Julaye, chifunga chitaphimba mzinda ndipo kamvula kakuwaza, upeza amuna avala majekete aunjikana pakhonde, wina akunena Chitumbuka, wina Chitonga, wina Chichewa, anyamata a sakaramento atatsamiritsa njinga zawo kudikira wokwera, maso onse ali pa thabwa limodzi. Masewerawa ndi achibale a bao la ku Zanzibar ndi kugombe la Aswahili, ndipo dokotala Meredith Sanderson anali atalemba kale za iwo ndi anzawo ena a ku Nyasaland m'chaka cha 1913.

Thabwalo lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndipo njere ndi 64. Aliyense ali ndi mizere iwiri, ndiye kuti njere zake zimazungulira maenje 16. Woonerera wosadziwa amangoona manja akuthamanga ndi kumva njere zikulira pathabwa. Koma masewera enieni amachitika dzanja lisanasunthe. Taganizani kuti m'dzenje muli njere zisanu. Wosewera amayenda nazo m'mutu: ina apa, ina apa, yachisanu igwera m'dzenje lomwe muli kale zitatu. Ngati palibe chodya moyang'anana nalo, anyamula zonse n'kupitiriza, ndipo zonsezo ndi zinayi, osati zitatu, chifukwa imene wagwetsayo nayonso yalowa m'gulu. Ophunzira ambiri amagwera pa kanjere kamodzi kameneka. Akalakwitsa ndi imodzi, kuwerengera konse kotsatira kwasokonekera, ndipo dzanja likagona pamene mutu sunayembekezere. Chovuta china chimadza njere zikazungulira n'kubwerera kumene zinayambira. Thabwa limene maso akuona silomwe dzanja lidzapeze. Dzenje limene munali zisanu lija tsopano n'lopanda kanthu, ndipo onse amene wadutsamo awonjezeka ndi imodzi. Katswiri amasunga mathabwa awiri nthawi imodzi, la pamaso ndi la m'mutu, ndipo amakhulupirira la m'mutu.

Alex de Voogt, wofufuza wa ku Netherlands, anakhala ndi akatswiri a bao ku Zanzibar n'kulemba za luso lawo m'chaka cha 1995. Chimene chinamukopa n'chomwechi, kuti kusewera kamodzi kokha kukhoza kusintha thabwa lonse, motero wosewera ayenera kunyamula m'mutu mndandanda wautali wa kusintha asanakhudze njere. Mu 2006 iye ndi anzake awiri, Tom Kronenburg ndi Jeroen Donkers, anasonyeza kuti njere zikhoza kukhala mwa njira ina yake yoti munthu akayamba kuzigawa sadzagona mpaka kalekale. Zimandipweteka kuti masewera amene akusowetsa tulo anthu a m'mayunivesite a kutali, ife timawatcha a malova, ndipo mwana akaima pambali kuonerera timamuthamangitsa kuti akawerenge.

Koma kuwerenga njere ndi chiyambi chabe. Pa bawo, mpata wakudya ukapezeka uyenera kudya, sungathawe. Ufulu wako uli posankha podya. Tiyerekeze kuti moyang'anana nawe muli dzenje la njere zisanu ndi zinayi, ndipo kwinaku muli la ziwiri. Mtima umathamangira zisanu ndi zinayi zija. Wozolowera amayamba waziyendetsa m'mutu, n'kupeza kuti yomaliza igwera m'dzenje lopanda kanthu, agona pomwepo, ndipo mulu wake waukulu wa mzere wakutsogolo utsala pakamwa pa mnzake. Akayesa ziwiri zija, apeza kuti yachiwiri igwera pamene pali chodya china, chimenecho chimutengera kwina, ndipo pogona akhala atatseka pakhomo. Oonerera samachedwa kulowerera. "Adada, idyani izo, n'zambiri!" Mkuluyo amangopukusa mutu, natola ziwiri. Akudziwa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Funso lake silithera pa "ndidya zingati". Limapitirira: ndikagona, iye adya pati, ndipo akadya pamenepo njerezo zikamufikitsa kuti?

N'chimodzimodzi ndi nyumba, dzenje la ngodya zinayi la pathabwalo limene ena amalitcha kuu. Njere zimaunjikana m'menemo, ndipo wosapirira amafuna kuiphwasula msanga kuti aone zake zikuyenda. Wodziwa amaisunga, amalola kuoneka ngati akutsalira, kudikira nthawi imene kuphwasula kwake kusesa mzere wa mnzake. Koma akaisunganso mopitirira, mnzake aidya yonse kamodzi. Palibe lamulo lonena kuti nthawi yake ndi iti. Uyenera kuwerenga, ndipo uwerengenso ulendo uliwonse, chifukwa thabwa la tsopano silofanana ndi la kanthawi kapitako.

Pa mafunso a nambala, khotekhote wake nthawi zambiri amakhala woyambira kumapeto. Mayi wina wabwera ndi mazira pamsika wa Zigwagwa. Wogula woyamba watenga theka la mazirawo ndi limodzi lapamwamba. Wachiwiri watenga theka la otsala ndi limodzi lapamwamba. M'dengu mwatsala 5. Anabwera ndi angati? Woyambira kutsogolo amangoponya nambala, 20, 30, 24, kuyesa mwayi. Woyambira kumbuyo amati: asanapereke lapamwamba lomaliza anali ndi 6, ndipo 6 ameneyo ndi theka, ndiye wachiwiri anapeza 12. Bwezanso lapamwamba la woyamba, akhala 13, ndipo ameneyonso ndi theka, ndiye anabwera ndi 26. Kenaka uyende nalo yankholo kuchokera kutsogolo kuti utsimikize: theka la 26 ndi 13, kuwonjeza limodzi 14, atsala 12, theka ndi 6, kuwonjeza limodzi 7, atsala 5. Latheka. Chinthu chokhacho chimene unkachidziwa motsimikiza chinali kumapeto, ndiye kumeneko ndiko kunali poyambira.

Njira ina ndiyo kulichepetsa funso. Wotsatira timu ya mpira ya Moyale Barracks atafunsidwa kuti mu ligi ya matimu 16, iliyonse ikakumana ndi inzake kwawo ndi koyenda, masewero onse akhala angati, akhoza kuyamba kulemba maina mpaka pepala kudzaza. Aleke kaye matimu 16 aja. Atenge awiri: masewero ndi 2. Atatu: 6. Anayi: 12. Ayang'ane bwino aona kuti 2 ndi 2 kuchulukitsa ndi 1, 6 ndi 3 kuchulukitsa ndi 2, 12 ndi 4 kuchulukitsa ndi 3. Chifukwa chake n'choonekeratu, timu iliyonse imalandira pakwawo anzake onse kupatula iyo yokha. Ndiye 16 kuchulukitsa ndi 15, masewero 240. Analisiya funso lalikulu n'kupita ku laling'ono limene palibe anamufunsa, ndipo laling'onolo ndilo linamutsegulira.

Sudoku ndi mlendo, koma mlendo amene wazolowera msanga m'mafoni mwathu. Anaiyambitsa Howard Garns wa ku America mu 1979, kampani ya Nikoli inaitchukitsa ku Japan kuyambira 1984, ndipo inafalikira dziko lonse nyuzipepala ya The Times ya ku London itayamba kuisindikiza mu Novembala 2004. Timabokosi ndi 81, ndipo mzere uliwonse, wopingasa kapena wotsika, komanso bwalo lililonse la timabokosi 9, liyenera kukhala ndi nambala 1 mpaka 9 popanda kubwereza. Ilibe kuwonkhetsa kapena kuchotsera. Woyamba kumene amayambira pakona ya kumanzere ngati akuwerenga kalata, n'kuumirira pa kabokosi koyamba kopanda kanthu. Kabokosiko mwina kakhoza kulandira nambala zinayi zosiyana, ndipo sikanena kanthu pakadali pano. Kasiye. Pita kumene kwadzaza kale, kumene mpata wachepa, ngakhale kukhale pansi penipeni.

Pali mafunso awiri, ndipo anthu ambiri amadziwa limodzi lokha. Loyamba n'lakuti, m'kabokosi aka mungalowe nambala ziti? Lachiwiri n'lotembenuza: m'bwalo ili, 7 angakhale pati? Kawirikawiri kabokosi kamene kakuoneka kuti kangalandire nambala zitatu kamakhala kokhako m'bwalomo kamene 7 angalowemo, chifukwa mizere ina yonse ili naye kale. Likakanika funso loyamba, tembenukira ku lachiwiri. Ndipo ukapeza timabokosi tiwiri mumzere umodzi timene tingalandire 3 kapena 8 basi, usadandaule kuti sukudziwa kati n'kati. Wadziwa kale chinthu chachikulu, kuti 3 ndi 8 sangakhalenso pena paliponse mumzerewo, ndipo ukawafufuta m'timabokosi tina, kamodzi mwa ito kamatsala ndi nambala imodzi. Lemba ndi pensulo, tinambala tating'ono pakona. Chimene sindigwirizana nacho ndi kulota. Sudoku yokonzedwa bwino ili ndi yankho limodzi lokha, ndipo Gary McGuire wa ku Dublin ndi anzake anasonyeza mu 2012 kuti pamafunika nambala zopatsidwa zosachepera 17 kuti zimenezi zitheke. Nambala yolota imakhala phee ngati yolondola, ndipo bodza lake limadzaululika patali, utamanga kale zambiri pamwamba pake. Zikatero usazigambe. Fufuta mpaka pamene unali wotsimikiza komaliza, uyambirenso pamenepo.

Zithunzi zoduladula zija, za jigsaw, n'zosowa kuno, zimangopezeka mwa apo ndi apo pakati pa zidole za pakaunjika. John Spilsbury wa ku London anayamba kuzipanga m'zaka za m'ma 1760 podula mapu omata pathabwa kuti ana aphunzire maiko. Malangizo a masewerawa ndi ochepa. Usanalumikize kalikonse, tembenuza tizidutswa tonse tiyang'ane kumwamba, upatule ta m'mphepete towongoka mbali imodzi, ena uwaunjike potsata mtundu. Nthawi imeneyi imaoneka yotayika chifukwa chithunzi sichikukula, koma ndiyo imafupikitsa ntchito. Pofika pa thambo kapena pa madzi, pamene mtundu ndi umodzi, leka kuyang'ana mtundu, yang'ana kadulidwe. Ndipo kachidutswa kofuna kukanikiza ndi chala kuti kalowe si ka pamenepo.

Zonsezi aphunzitsi a masamu amazidziwa. George Pólya anazilemba m'buku lake la How to Solve It mu 1945: limvetse funso, konza njira, itsate, kenaka cheuka uone kumene wadzera. Kucheukako ndiko timakudumpha kwambiri. Mwana akapeza yankho timamuombera m'manja n'kupita ku funso lina, osamufunsa kuti chinamutsegula maso n'chiyani, pamene chimenecho ndicho akanachitenga kupita nacho ku funso la mawa. Ndipo m'makalasi odzaza, mayeso ali pafupi, mphunzitsi amakakamizika kuloweza ana njira imodzi yolunjika ya funso lililonse. Mwana wotero akakumana ndi funso limene silifanana ndi la m'kope, amaika cholembera pansi n'kunena kuti sanaphunzire. Saopa masamu kwenikweni, amaopa kufufuta, chifukwa anaphunzira kuti tsamba lodetsedwa ndi umboni wa umbuli. Mzuzu University, imene inalandira ophunzira ake oyamba ku Luwinga mu 1999, inayamba ndi ntchito yosula aphunzitsi. Ndimalakalaka mphunzitsi aliyense wotuluka kumeneko atanyamula thabwa la bawo pamodzi ndi mabuku ake, n'kukalola ana, atsikana ndi anyamata omwe, kunena mokweza pamene dzanja ligone asanakhudze njere. Thabwa likasowa, maenje amakumbika pansi, ndipo timiyala sitigulidwa.

Palinso khotekhote wina amene sitimukonda konse, woti nthawi zina tsidya lija kulibe njira yofikako. Pa WhatsApp pamazungulira funso lakuti usankhe nambala zitatu mwa 1, 3, 5, 7, 9, 11, 13 ndi 15 zoti zikaphatikizidwa zikwane 30. Anthu amatha nalo madzulo onse, kuyesa izi ndi izo. Wobwerera m'mbuyo amaleka kuyesa n'kuyang'ana mtundu wa nambalazo. Iliyonse ukaigawa ziwiriziwiri imatsala ndi imodzi. Zitatu zotere zitsala ndi zitatu, ziwiri zipezana, imodzi itsalabe yokha. Koma 30 amagawika ziwiriziwiri popanda chotsala. Ndiye n'zosatheka, ngakhale utayesa chaka chonse. Ena amazondotsa 9 kuti akhale 6, n'kuphatikiza ndi 11 ndi 13. N'kuchenjera kosangalatsa, koma amenewo ayankha funso lina. Amene wasonyeza chifukwa chake sizingatheke ndiye wamaliza ntchito, ndipo wamaliza mokwanira ngati amene wapeza nambala.

Anansi athu a ku Zambia, Aila, anali nalo funso la pamtsinje lija mwa mtundu wawo, ndipo Marcia Ascher analifotokoza mu 1990 poyerekeza mmene mitundu yosiyanasiyana imalinenera. Kwa iwo katundu ndi munayi: kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la mbewu, bwato lomwe lija la chinthu chimodzi. Tayesani ulendo woyamba. Akatenga kambuku, mbuzi ndi khoswe agwira dengu. Akatenga dengu, kambuku agwira mbuzi. Akatenga mbuzi, khoswe atsala pakati pa dengu ndi kambuku. Akatenga khoswe, mbuzi itsala pomwepo pa mavuto. Njira zinayi zonse zatsekeka bwato lisanachoke n'komwe padooko, ndipo kubweza kulikonse sikungathandize chifukwa palibe chimene chawoloka. Munthu wa m'nkhaniyo anaganizapo zotaya chimodzi mwa zinyamazo, khoswe kapena kambuku, kuti funso libwerere pa zitatu zotheka zija. Koma anati nyamazo zinali ngati ana ake. Analeka ulendowo, nakhala tsidya lomwelo ndi zonse zinayi.